Kuchepetsa kugwedezeka pojambula zithunzi pa maikulosikopu

Kuchepetsa kugwedezeka pojambula zithunzi pa maikulosikopu ndi njira zimene zimatsatidwa pofuna kuti chinthu chojambulidwa, magalasi a maikulosikopu ndi kamera zisasunthe pa nthawi imene chithunzi chikutengedwa. Maikulosikopu amakulitsa chinthu, koma amakulitsanso kusuntha kwake. Kunjenjemera kumene munthu sangakumve ngakhale ataika dzanja patebulo kumatha kupangitsa chithunzi kutuluka chambuu, kapena kuonetsa chinthu chimodzi ngati ziwiri zosanjikizana.

Njira zake zikuluzikulu ndi zitatu: kuchotsa kapena kutalikitsa chimene chikugwedeza, kudula njira imene kugwedezekako kumadutsamo pofika pa maikulosikopu, ndiponso kujambula popanda kukhudza kamera. Nkhaniyi ndi yofunika m'malabotale a zipatala, m'masukulu ndi m'malo a kafukufuku. Ku Malawi imakhudza makamaka madera amene malungo ndi likodzo n'zofala, monga Chigwa cha Shire, kumene chithunzi cha magazi kapena mkodzo wa wodwala chingatumizidwe pa foni kwa katswiri amene ali kutali kuti atsimikize zimene zaoneka.

Chifukwa chake kusuntha pang'ono kumawononga chithunzi

Tinthu toonedwa pa maikulosikopu timayezedwa ndi muyezo wotchedwa maikulomita, umene chizindikiro chake ndi µm. Muyezo umenewu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Selo lofiira la magazi a munthu ndi lotambalala pakati pa 7 ndi 8 µm. Kachilombo ka malungo ka mtundu wa Plasmodium falciparum kakakhala kakang'ono m'kati mwa selolo kamaoneka ngati mphete ya pakati pa 1 ndi 2 µm. Kachilombo ka chifuwa chachikulu ndi kotalika pakati pa 2 ndi 4 µm, ndipo m'mimba mwake sikapitirira theka la 1 µm. Dzira la nyongolotsi yoyambitsa likodzo la m'chikhodzodzo, Schistosoma haematobium, ndi lalikulu poyerekeza ndi timeneti chifukwa limapitirira 100 µm m'litali.

M'chaka cha 1873, wasayansi wa ku Germany Ernst Abbe anafotokoza kuti maikulosikopu ogwiritsa ntchito kuwala ali ndi malire. Ngakhale lenzi yabwino kwambiri singasiyanitse timadontho tiwiri toyandikana kuposa pafupifupi 0.2 µm. Tanthauzo lake pojambula ndi lakuti kusuntha kulikonse kopitirira muyezo umenewu kumafufuta zina mwa zimene lenzi ikanatha kuonetsa.

Lenzi ya m'munsi, imene imayandikira chinthu choonedwa, imatchedwa objective. Poyeza malungo amagwiritsa ntchito objective yokulitsa ka 100, yothira kadontho ka mafuta pakati pa lenzi ndi kagalasi kopakapo magazi, kamene m'labotale amakatcha silaidi. Silaidi ikasuntha ndi 1 µm yokha, chithunzi chimene chikugwera pa sensa ya kamera chimasuntha ndi 100 µm. Pa kamera imene timadontho take, totchedwa ma pixel, ndi ta 4 µm, kusunthako kumadutsa ma pixel 25. Mphete ya kachilombo ka malungo imasanduka kabanga kosadziwika bwino, kovuta kukasiyanitsa ndi kachitsotso ka utoto kapena tizidutswa ta magazi totchedwa ma platelet.

Kusuntha kopita m'mwamba ndi pansi nakonso kumavuta. Pa objective ya 100, gawo limene limaoneka bwino nthawi imodzi ndi lopyapyala kwambiri, losakwana 1 µm. Thireyi yoikapo silaidi ikadumpha pang'ono, chinthucho chimachoka pamene lenzi inalunjika.

Chimene chimawononga chithunzi ndi kusuntha kwa mbali imodzi poyerekeza ndi inzake. Maikulosikopu, silaidi ndi kamera zikanayenda pamodzi ngati mwala umodzi, chithunzi sichikanasintha. Koma chitsulo chimapindika pang'ono, thireyi imakhala pa timagiya, ndipo kamera imakhala pamwamba pa mpope wautali, choncho tebulo likagwedezeka mbali iliyonse imayenda mwa iyo yokha.

Diso la munthu siliona vutoli msanga chifukwa ubongo umatsatira chinthu chosuntha n'kusankha mphindi zimene chaoneka bwino. Kamera imasonkhanitsa kuwala konse kumene kwalowa pa nthawi imene inali yotsegula, pamodzi ndi kusuntha konse. N'chifukwa chake silaidi yooneka bwino m'maso imatha kutuluka yoipa pachithunzi.

Mbiri

Kujambula pa maikulosikopu kunayamba pafupifupi nthawi imodzi ndi luso lojambula zithunzi. William Henry Fox Talbot wa ku England anajambula tizidutswa ta zomera pa maikulosikopu m'zaka za m'ma 1830. Ku Paris, Alfred Donné ndi Léon Foucault anatulutsa buku la zithunzi mu 1845, lochokera pa zimene anajambula pa timapale tachitsulo. Mu 1877, Robert Koch anafalitsa zithunzi zoyamba za mabakiteriya. Iye ankaona kuti chithunzi cha kamera ndi umboni wodalirika kuposa chojambula pamanja, chifukwa asayansi ena angachiunike okha. Mu 1893, August Köhler anafotokoza njira younikira silaidi mofanana mbali zonse, ndipo njirayi imagwiritsidwabe ntchito mpaka pano.

Makamera a nthawi imeneyo anali aakulu ndi olemera, ndipo ankakhala otsegula kwa masekondi ambiri kapena mphindi zingapo. Ojambula ankaika zida zawo pa mabenchi achitsulo kapena pa zipilala zamiyala m'zipinda zapansi, ndipo ena ankadikira usiku pamene ngolo zasiya kudutsa mumsewu. M'zaka za m'ma 1900 makamera ang'onoang'ono a filimu anayamba kumangidwa pa maikulosikopu penipeni, ndipo zimenezi zinabweretsa vuto latsopano la kugwedezeka kochokera m'kati mwa kamera. Masiku ano makamera a dijito ndi mafoni a m'manja achepetsa vuto limeneli koma awonjezera lina, la dzanja la wojambula.

Kumene kugwedezeka kumachokera

Kugwedezeka kumayezedwa ndi kuchuluka kwa maulendo amene chinthu chimapita uku ndi uku pa sekondi imodzi. Muyezo wake ndi hertz, mwachidule Hz.

Gwero loyamba ndi pansi pa nyumba. Munthu woyenda amaponda pafupifupi kawiri pa sekondi, ndipo phazi lililonse limagwedeza pansi, makamaka ngati ndi pamatabwa kapena m'chipinda cham'mwamba. Kumenyetsa chitseko ndi kukoka mpando kumachitanso chimodzimodzi. Malole olemera amagwedeza nthaka, makamaka akamadutsa pa maenje kapena pa zitunda zochepetsera liwiro, ndipo kugwedezeka kotere kumakhala kwa ma hertz ochepa, kumene ndi kovuta kukutchinga.

Gwero lachiwiri ndi makina ozungulira. Magetsi a ku Malawi ndi a 50 Hz. Jenereta yaing'ono ya petulo imazungulira ka 3,000 pa mphindi kuti itulutse magetsi amenewa, ndiye kuti ka 50 pa sekondi, pamene majenereta akuluakulu ambiri a dizilo amazungulira ka 1,500 pa mphindi, ndiye kuti ka 25 pa sekondi. M'labotale muli firiji, makina opukusa magazi ndi mkodzo otchedwa centrifuge, makina osakaniza mankhwala ndi makina oziziritsa mpweya. Centrifuge imagwedeza kwambiri ngati timabotolo take sitinaikidwe molingana kulemera mbali zonse. Maikulosikopu ena akale ali ndi kafani koziziritsa babu, ndipo kameneka kali m'thupi la makinawo.

Gwero lachitatu ndi mpweya. Fani ya kudenga kapena mphepo yolowera pawindo imakankha kamera ndi nthambo zake, ndiponso imasuntha madzi a pa silaidi yonyowa.

Gwero lachinayi ndi kamera. Makamera a mtundu wa SLR ali ndi kagalasi kamene kamadumphira m'mwamba chithunzi chisanatengedwe, ndiponso kachitseko kotchedwa shutter kamene kamatseguka ndi kutsekeka mwamphamvu. Zonsezi zimamenya thupi la kamera pa mphindi yeniyeni yojambulira.

Gwero lachisanu ndi munthu. Dzanja la munthu aliyense, ngakhale wathanzi, limanjenjemera pang'ono nthawi zonse, pafupifupi ka 8 mpaka 12 pa sekondi. Kudina batani, kutsamira tebulo ndi chigongono kapena kusiya chala pa chopotokola cholunjikitsira lenzi kumapititsa kunjenjemeraku ku maikulosikopu.

Kuzindikira ngati vuto ndi kugwedezeka

Si chithunzi chilichonse chambuu chimene chawonongeka ndi kugwedezeka. Lenzi yakuda, mafuta ouma pa objective ya 40, nkhungu yomera m'kati mwa magalasi m'nyengo yachinyontho, kagalasi kovundikira kochindikala kuposa mamilimita 0.17, ndiponso magazi opakidwa mochindikala, zonsezi zimatulutsa chithunzi chosaoneka bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti kugwedezeka kawirikawiri kumakokera chithunzi mbali imodzi, ndipo kumasintha pakati pa chithunzi china ndi chinzake, pamene vuto la lenzi limakhala lofanana pa zithunzi zonse.

Pali njira zingapo zosavuta zoyesera. Yoyamba ndi kuika mbale yosaya ya madzi patebulo n'kuyang'ana chithunzithunzi cha babu kapena windo m'madzimo. Chikamanjenjemera ndiye kuti tebulo likugwedezeka. Yachiwiri ndi kukulitsa chithunzi pa sikirini ya kamera kapena kompyuta mpaka pamapeto, n'kuona ngati chikuyenda munthu akamadutsa. Yachitatu ndi kuzimitsa makina amodzi amodzi, firiji, fani ndi centrifuge, n'kumajambula silaidi yomweyo nthawi iliyonse. Mafoni ambiri ali ndi kachipangizo koyeza kusuntha, ndipo mapulogalamu ena amaonetsa ma hertz a kugwedezeka foni ikaikidwa patebulo, ngakhale kuti samva kugwedezeka kochepetsetsa.

Mfundo ya kulemera ndi kufewa

Chinthu cholemera chikakhala pa chinthu chofewa, monga sipuling'i kapena labala, chimakhala ndi liwiro lake lachibadwa limene chimadumphira chikakankhidwa. Kulemera kukachuluka, kapena chapansicho chikafewa, liwiro lachibadwali limatsika. Chotchinga kugwedezeka chilichonse chimagwira ntchito pa mfundo imeneyi.

Kugwedezeka kwa pansi kukakhala kochedwa kuposa liwiro lachibadwa, kumadutsa konse. Kukafanana nalo, chinthucho chimadumpha kwambiri kuposa pansi penipenipo, monga mmene katungwe amakwerera m'mwamba akamakankhidwa pa nthawi yoyenera. Asayansi amatcha zimenezi resonance. Kutchinga kumayamba pokhapokha kugwedezeka kwa pansi kukaposa liwiro lachibadwa kuchulukitsa ndi 1.4, ndipo kumakula pamene kusiyanako kukukula.

Liwiro lachibadwa lingayerekezedwe poona mmene chofewacho chaphwatalalira chitasenza katundu. Chikatsika ndi milimita 1, liwiro lachibadwa ndi pafupifupi 16 Hz. Chikatsika ndi mamilimita 10, ndi pafupifupi 5 Hz. Chikatsika ndi mamilimita 25, ndi pafupifupi 3 Hz. Mwachitsanzo, pa kugwedezeka kwa 25 Hz kochokera ku jenereta ya dizilo, kalabala kolimba kotsika ndi milimita 1 kamalola magawo pafupifupi 7 mwa 10 kudutsa, pamene chotchinga chotsika ndi mamilimita 10 chimalola gawo limodzi lokha mwa magawo 24. Ndipo pansi pakamagwedezeka pa 16 Hz, kalabala kaja kamawonjezera vuto m'malo molichepetsa. Ichi n'chifukwa chake kungoyala siponji kapena mpira wopyapyala pansi pa maikulosikopu opepuka nthawi zina sikuthandiza.

Chotchinga chabwino chimafunikanso kumwa mphamvu ya kugwedezeka kuti chisapitirize kudumpha chikakhudzidwa. Sipuling'i yachitsulo yokha imadumpha nthawi yaitali, pamene mchenga, labala yofewa ndi mpweya wodutsa pa kabowo kakang'ono zimaziziritsa kudumphako msanga.

Malo ndi tebulo

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kusankha malo abwino. Chipinda chapansi cha simenti chimaposa cham'mwamba. M'chipinda cham'mwamba, pafupi ndi khoma losenza nyumba kapena pangodya pamagwedezeka pang'ono kuposa pakati. Maikulosikopu amayenera kukhala kutali ndi khomo ndi njira yodutsamo anthu.

Tebulo liyenera kukhala lolemera, lolimba, la miyendo yomangidwa ndi mitanda, ndipo miyendo yonse iziponda pansi mofanana. Benchi ya konkire yomangidwa pa njerwa imaposa tebulo la matabwa opyapyala. Centrifuge, firiji ndi makina osindikizira mapepala siziyenera kukhala pa benchi imodzi ndi maikulosikopu, ndipo matebulo awiri asakhudzane. Jenereta imaikidwa panja, pa maziko akeake osalumikizana ndi a nyumba, pamwamba pa malabala. Kutchinga makina ogwedezawo kumathandiza chipinda chonse, choncho kumayamba kuchitidwa maikulosikopu asanakhudzidwe.

Zotchinga zodula ndi zopanga pamalo

Malabotale akuluakulu amagula matebulo oyandama pa mpweya wopopedwa, amene liwiro lawo lachibadwa ndi pakati pa 1 ndi 2 Hz. Palinso matebulo amagetsi amene amamva kugwedezeka n'kukankha mobwezera kuti kuthe. Zida zimenezi ndi zodula ndipo zimafunika pa maikulosikopu a kafukufuku wapamwamba.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, mfundo yomweyo ingatsatidwe ndi zinthu zopezeka pamsika. Njira yodziwika kwambiri ndi kugoneka chubu cha njinga yaing'ono kapena cha wilibala patebulo, chitapopedwa pang'ono chabe, n'kuikapo phale lolemera la konkire kapena mwala wosalala, kenako maikulosikopu pamwamba pake. Chubu chikapopedwa kwambiri chimalimba ndipo sichitchinga. Phalelo liyenera kulemera mofanana ndi maikulosikopu kapena kuposa, likhale lotambalala kuposa tsinde lake, ndipo lisakhudze tebulo kapena khoma pena paliponse. Popeza maikulosikopu amalemera kwambiri kumbuyo, amasunthidwa mpaka phale litakhala mosapendekeka. Timatabwa totchinga m'mbali, tosakhudza phale, timateteza kuti zida zisagwe chubu chikaphwa.

Ena amaika phale pa mipira ya tenisi inayi kapena isanu ndi umodzi yokhazikidwa m'timphete kuti isagubuduke. Ena amadzaza bokosi ndi mchenga wouma wosefa n'kuyala phale pamwamba pake, osakhudza m'mbali mwa bokosi. Mchenga umamwa bwino kugwedezeka kothamanga ndi kugunda kwadzidzidzi, koma suthandiza kwambiri pa kugwedezeka kochedwa, ndipo umafunika kuvundikiridwa kuti fumbi lake lisalowe m'magalasi ndi m'magiya.

Chotchinga chilichonse chimalephera ngati pali njira ina yodutsamo kugwedezeka. Nthambo yamagetsi kapena ya kompyuta yokokedwa zolimba ndi mlatho wotere. Nthambo zimasiyidwa zolendewera momasuka, n'kumangidwa kutebulo osati ku maikulosikopu.

Kamera ndi foni

Pa kamera ya SLR, kagalasi kamakwezedwa kaye n'kudikira masekondi angapo kuti kugwedezeka kuthe. Makamera ambiri amakono amatha kuyamba kujambula mwamagetsi popanda kusuntha kachitseko koyamba. Kampani ya Canon inaika njira imeneyi m'kamera ya EOS 40D mu 2007, ndipo ojambula pa maikulosikopu anaikonda chifukwa cha ubwino umenewu. Makamera opangidwira maikulosikopu, olumikizidwa ku kompyuta, alibe chilichonse choyenda m'kati. Njira ina yakale ndi kupachika kamera pa chitsulo chakechake pamwamba pa maikulosikopu, osakhudzana nawo, n'kutseka mpata wapakati ndi nsalu yakuda kuti kuwala kwa m'chipinda kusalowe.

Foni imajambula kudzera pa lenzi yam'mwamba imene munthu amaikapo diso, yotchedwa eyepiece. Kuwala kotuluka pamenepo kumasonkhana pa kadontho kakang'ono kwambiri pamwamba pa galasi, ndipo lenzi ya foni iyenera kukhala pa kadonthoko ndendende. Foni ikasuntha pang'ono, mbali ya chithunzi imada kapena chonse chimasowa. Chifukwa cha ichi, chogwirira foni chomangidwa pa eyepiece chimathandiza kuposa china chilichonse. Zogwirira zotere zimagulidwa, komanso zimatha kupangidwa ndi kachidutswa ka paipi ya pulasitiki, kathabwa ndi malamba a chubu. Foni yolemera ikamapendeketsa mutu wa maikulosikopu, zomangira za mutuwo zimalimbitsidwa.

Pojambula, foni siidinidwa ndi chala. Amagwiritsa ntchito chowerengera nthawi cha masekondi 3 kapena 10, batani la voliyumu la pa nthambo ya mahedifoni, kapena kabatani ka Bluetooth. Foni imaikidwa poti isalire kapena kunjenjemera uthenga ukalowa. Kujambula zithunzi zingapo motsatizana n'kusankha chabwino kumathandizanso, chifukwa kugwedezeka sikufanana mphindi zonse.

Akatswiri apanganso maikulosikopu olumikiza kamera ndi lenzi m'thupi limodzi. Gulu la Daniel Fletcher ku University of California, Berkeley linapanga CellScope, imene imagwiritsa ntchito foni. OpenFlexure, maikulosikopu apulasitiki osindikizidwa pa makina a 3D amene Richard Bowman anayambitsa ku Britain, anayesedwa pa magazi a malungo mogwirizana ndi Ifakara Health Institute ku Tanzania.

Kuwala ndi nthawi yojambulira

Kuwala kukachuluka, kamera imatsegula kwa nthawi yochepa ndipo kusuntha kumakhala ndi mpata wochepa wolowa m'chithunzi. Kukonza bwino kuwala mwa njira ya Köhler, kupukuta magalasi ndi kugwiritsa ntchito babu la LED kumafupikitsa nthawiyi. Kuwala kwa mphaliwali kwa flash, kumene kumatha m'gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi kapena kuchepera apo, kumaimitsa ngakhale tizilombo tamoyo tosambira.

Pa makamera a shutter yoyenda, nthawi zapakatikati, kuyambira pafupifupi gawo limodzi mwa 125 a sekondi mpaka theka la sekondi, ndi zimene zimavuta kwambiri, chifukwa kugunda kwa shutter kumatenga mbali yaikulu ya nthawi yonseyo. Ojambula akale ankachepetsa dala kuwala kuti kamera itsegule kwa masekondi angapo, kotero kuti kugundako kuthere koyambirira ndipo nthawi yotsalayo ikhale yabata. Njirayi imathandiza pa kugunda kwa kamera kokha. Siithandiza pa kugwedezeka kosalekeza kwa jenereta kapena firiji.

Miyezo ya zomangamanga

Omanga malabotale amagwiritsa ntchito miyezo yotchedwa VC, imene Eric Ungar ndi Colin Gordon anakonza m'zaka za m'ma 1980. Miyezoyi imanena za liwiro limene pansi pa chipinda pamaloledwa kugwedezeka. Chipinda chochitiramo opaleshoni chimaloledwa 100 µm pa sekondi, ndipo muyezo umenewu uli pafupi ndi malire a zimene munthu angamve. VC-A ndi 50 µm pa sekondi, woyenera maikulosikopu okulitsa mpaka ka 400. VC-B ndi 25 µm pa sekondi, woyenera okulitsa mpaka ka 1,000, kumene ndi kukulitsa kogwiritsidwa ntchito poyeza malungo ndi chifuwa chachikulu. Miyezoyi ikusonyeza kuti chipinda chimene munthu akuchimva kuti ndi chabata chingakhale chikugwedezeka kanayi kuposa mmene kujambula kotereku kumafunira.

Ku Kasisi ndi m'Chigwa cha Shire

Dera la mfumu Kasisi lili m'boma la Chikwawa, kufupi ndi nkhalango yosungira nyama ya Majete ndi mathithi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Chigwachi ndi chotsika ndi chotentha, ndipo malungo amapezeka chaka chonse. Udzudzu wofalitsa malungo kumeneko ndi wa mitundu ya Anopheles arabiensis ndi Anopheles funestus. Likodzo limapezekanso m'midzi yoyandikana ndi madambo ndi ngalande za ulimi wothirira.

Kuyambira mu 2011, zipatala za m'Malawi zimayeza malungo ndi timapale toyezera mwamsanga, koma maikulosikopu akufunikabe. Ndi amene amawerenga kuchuluka kwa tizilombo m'magazi a wodwala kwambiri, kusonyeza mtundu wake, ndi kuona ngati mankhwala akugwira. Amagwiritsidwanso ntchito pofufuza mazira a likodzo mumkodzo, nyongolotsi m'chimbudzi ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu m'makhololo. Odwala a ku Kasisi amene matenda awo akula amatumizidwa kuchipatala cha boma cha Chikwawa, ndipo ovuta kwambiri amapita ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kukwera mapiri. Chikwawa ndi malonso a kafukufuku wa malungo: bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome lakhala likugwira ntchito m'bomali kwa zaka zambiri, ndipo Majete Malaria Project, ya College of Medicine pamodzi ndi mayunivesite a ku Netherlands, African Parks ndi The Hunger Project, inagwira ntchito m'midzi yozungulira Majete. M'kafukufuku wotere udzudzu umasiyanitsidwa pa maikulosikopu poona mawanga a pamapiko ndi pamiyendo.

Zinthu zingapo za m'chigwachi zimawonjezera kugwedezeka. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, choncho mafani amazungulira tsiku lonse ndipo mawindo amakhala otsegula. Magetsi akazima, majenereta amayaka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, amene amatulutsa mamegawati 129.6, ndipo dziko lonse linakhala ndi kuzimazima kwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka mpaka makinawo atakonzedwa mu 2023. Msewu wa M1, wodutsa ku Thabwa, Nchalo, Ngabu ndi Bangula, umanyamula malole a katundu ndi a shuga, ndipo m'malo ambiri a malonda muli zigayo zimene zimagwedeza nthaka yozungulira.

Njira zoyenera malo otere ndi zomwe zafotokozedwa kale: benchi ya konkire, centrifuge patebulo lina, jenereta pa maziko akeake, phale pa chubu cha njinga, chogwirira foni, ndi kuzimitsa fani kwa mphindi yojambulira yokha. Machubu ndi mapampu amapezeka mosavuta chifukwa njinga ndi zambiri m'chigwachi. Maikulosikopu a babu la LED oyendera batire kapena magetsi a dzuwa amalola kujambula jenereta itazima. Zithunzi zophunzitsira zimajambulidwa bwino m'mamawa, kunja kusanatenthe ndiponso anthu asanachuluke m'makonde.

Kutentha kuli ndi vuto linanso lofanana ndi kugwedezeka. Chitsulo chimafufuma pang'ono chikatentha, choncho lenzi imachoka pang'onopang'ono pamene inalunjika, makamaka babu likangoyatsidwa kapena dzuwa likamawomba makinawo. Mafuta a objective amapangidwa kuti agwire bwino pa madigiri 23, ndipo kukatentha amapyapyala. Kuyatsa babu kwa kanthawi ntchito isanayambe ndi kulunjikitsanso lenzi chithunzi chilichonse chisanatengedwe kumachepetsa vutoli.

Malire a njirazi

Kuchepetsa kugwedezeka kumangoteteza zimene lenzi ndi silaidi zili nazo kale. Silaidi yopakidwa utoto wa Giemsa molakwika, kapena yodetsedwa ndi fumbi ndi ntchentche pouma, singatuluke bwino ngakhale patebulo lodula. M'madzi, tinthu ting'onoting'ono timanjenjemera tokha chifukwa chogundidwa ndi mamolekyu, zimene Robert Brown anaziona mu 1827, ndipo zimenezi zimaimitsidwa ndi kujambula mwachangu kokha. Mapulogalamu okometsa zithunzi sangabweze zimene kusuntha kwafufuta, ndipo nthawi zina amawonjezera timizere tosakhalapo.

Chithunzi chabwino chingawonongekenso potumiza. Mapulogalamu monga WhatsApp amachepetsa chithunzi pokhapokha chitatumizidwa ngati fayilo. Chithunzi chotumizidwa kwa katswiri chimayenera kulembedwa objective imene inagwiritsidwa ntchito, mtundu wa utoto ndi nambala ya silaidi, popanda dzina la wodwala. Komanso chithunzi chimodzi chimaonetsa malo amodzi okha pa silaidi, pamene malangizo a World Health Organization amafuna kuti woyeza aone malo osachepera 100 asananene kuti m'magazi mulibe tizilombo ta malungo. Choncho chithunzi chimathandiza kutsimikiza chimene chapezeka, kuphunzitsa ophunzira ndi kusunga umboni, koma sichilowa m'malo mwa kuyeza silaidi yonse.